Do Wanu Ndi Uti?

(GITALA YOPANDA MAGETSI ILIRE MASEKONDI 20, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MUULUTSI: Abale ndi alongo konse kumene mawu ano akufika: pa Vila ya Milange pano patsinde pa phiri la Tumbine, ku Majaua, ku Mongue, ku Molumbo, ndi inu a kutsidya ku Muloza ndi ku Limbuli amene mumatimva ngati tili pakhonde panu, yakwana nthawi ya pulogalamu yathu ya maphunziro, ndipo madzulo ano tikamba za gitala. Akatswiri a pasiteji lero apume kaye. Wathu ndi munthu ngati ine, wogwira gitala akaweruka kuntchito, amene tsiku lina amatopa n'kuimbira nkhuku za pakhomo pake n'kuganiza zokalowa m'gulu la anzake.

Sindili ndekha muno. Ndabwera ndi amalume anga, amene anayamba kuliza nsambo ine ndisanabadwe. Akana kuti ndiwatchule dzina, akuti owadziwa awazindikira ndi chala. Amalume, takulandirani.

AMALUME: Zikomo mphwanga. Bola usandifunse za m'mabuku.

MUULUTSI: Za m'mabuku ndisenza ndine. Ndiyambe ndi manyazi anga. Gitala yanga ndinaigula kwa mnyamata wina amene ankasaka ndalama ya ulendo wa ku Joni. Nsambo zenizeni zinalipo zisanu, pa inayo anali atamangapo waya wa buleki ya njinga. Chaka chathunthu ndinaphunzira ndekha, mphunzitsi wanga ali foni. Ndikagula mamega, usiku ndinkaonera mavidiyo a anthu a ku Brazil, chifukwa amaphunzitsa m'Chipwitikizi chimene tinaphunzira kusukulu. Iwo gitala yotere amaitcha violão, ife kuno timati viola. Zala zinatuluka matuza, matuza anaphulika, khungu linalimba, ndipo chaka chisanathe ndinkadziona ngati ndafikapo.

Kenako ndinamva za gulu la okonda gitala lokumana Lamlungu masana pansi pa mtengo wa mango, kuseli kwa tchalitchi china. M'kati mwa sabata amatumizirana mawu pa WhatsApp, chifukwa ena ali ku Mocuba, ena ku Blantyre, wina ku Johannesburg. Ndinamangirira gitala kumsana, ndinakwera njinga. Tsiku limenelo ankatsogolera bambo wina wa kwaya wochokera kutsidya. Anati, "Tonse tiyambire pa do." Ine mumtima, zimenezi ndiye zanga. Ndinagwira Dó wanga mwamphamvu n'kukwapula nsambo zonse. Zinamveka chonchi.

(MAGITALA AWIRI ALIRE PAMODZI, INA MU C, INA MU G. MASEKONDI 5)

AMALUME: Ngati amphaka awiri padenga la malata.

MUULUTSI: Anthu anaseka mpaka wina anagwetsa gitala. Koma zoona zake n'zakuti panalibe wolakwa. Bambo aja ndi ine tinatchula liwu limodzi, aliyense akutanthauza chake. Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa vuto limeneli ndi lathulathu la anthu a m'malire.

Kuno ku Milange mawu a nyimbo ali ndi mayina amitundu itatu. Woyamba ndi wa malembo, umene oimba a ku Malawi ndi onse ophunzira m'Chingerezi amagwiritsa ntchito: C, D, E, F, G, A, B. Wachiwiri ndi wathu wa Chipwitikizi: Dó, Ré, Mi, Fá, Sol, Lá, Si. Iwiriyi sivuta, imangosinthana ngati kwacha ndi metikali, kusiyana kwake n'kwakuti mtengo wake susintha. C ndi Dó lero, mawa ndi mkuja. D ndi Ré, E ndi Mi, F ndi Fá, G ndi Sol, A ndi Lá, B ndi Si. Amene muli ndi cholembera pafupi lembani, ndibwereza pang'onopang'ono.

(ABWEREZE, AMALUME AKULIZA LIWU LILILONSE)

Wachitatu ndi umene unandigwetsa. M'makwaya a kutsidya amaphunzira nyimbo ndi do, re, mi, fa, so, la, ti. Ukamva koyamba umati ndi zomwezija. Ayi ndithu. Do wa kwaya sakhala malo amodzi. Iye ndi liwu limene nyimbo imabwererako ikafuna kupuma, pakwawo pa nyimboyo. Nyimbo ikakhala mu G, do wake ndi G. Ikasamukira mu D, do nayenso wasamuka. Tsiku lija bambo aja ankaimba mu G. Ndiye kuti do wawo anali Sol wanga, ndipo Dó wanga kwa iwo anali fa.

Zinayamba bwanji? Mayina a do, re, mi, athu ndi a kwaya omwe, gwero lake ndi limodzi: mmonke wa ku Italy, Guido wa ku Arezzo, amene anakhalako zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Mayiko ngati Portugal, Spain, Italy ndi France anawakhomerera mayinawo pa mawu osasuntha. Ku England, m'zaka za m'ma 1800, mayi wina wa ku Norwich dzina lake Sarah Glover, kenako mbusa John Curwen, anakonza njira ya do woyendayenda kuti anthu wamba azitha kuimba m'tchalitchi osadziwa kuwerenga manotsi. Amishoni a ku Scotland, amene anatsegula mishoni ya Blantyre mu 1876, anabwera nayo njirayo, ndipo inakhazikika m'makwaya mpaka lero. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire, mtsinje wa Ruo n'kukhala mzere. Anthu a banja limodzi anapezeka mbali ziwiri, ndipo do nayenso anagawidwa pawiri.

Choncho mukalowa m'gulu latsopano wina n'kunena kuti do, musachite changu ngati ine. Funsani: do wanu ndi uti? Safunsa anadya phula.

Ndiye tione za kuchuna, chifukwa gulu silingakupirire ngati gitala yako ikulira payokha. Kachunidwe kamene mungakapeze m'mavidiyo ambiri, kuyambira nsambo yaikulu yakumwamba kutsika mpaka yaing'ono, ndi E, A, D, G, B, E. M'Chipwitikizi: Mi, Lá, Ré, Sol, Si, Mi. Masiku ano pali mapulogalamu a pafoni amene amamvetsera nsambo n'kukuuza kuti umange kapena umasule. Ndi abwino, chifukwa onse amayezera pa Lá mmodzi, amene amanjenjemera ka 440 pa sekondi, kotero wa ku Quelimane ndi wa ku Lilongwe akachunira pamenepo amakumana. Koma foni imatha moto, ndipo khutu silitha. Amalume, tawaonetsani.

AMALUME: Ndi zophweka. Pakhosi pa gitala pali tizitsulo topingasa. Werenga mipata kuchokera kumutu. Dinikiza nsambo yaikulu pampata wachisanu, uilize. Yotsatira yake, osaigwira, ilire chimodzimodzi.

(ALIZE NSAMBO ZIWIRI ZOSAGWIRIZANA PANG'ONO)

Wamva kugwedera uko? Wa-wa-wa-wa. Ndiye kuti zikukangana. Potokola pang'onopang'ono, kugwederako kuzichedwa, kuzichedwa, mpaka zii. Zagwirizana. Uchite chomwecho kutsika. Koma ukafika pa nsambo yachitatu kuwerenga kuchokera pansi, udinikize pampata wachinayi, osati wachisanu. Pamenepo ndi pamene ana ambiri amasochera. Yomaliza ubwerere pachisanu.

MUULUTSI: Mwamva omvera: chisanu, chisanu, chisanu, chinayi, chisanu. Tsopano amalume, pali nkhani ija. Nditazolowera m'gulu muja ndinakutengani tsiku lina. Mnyamata wina anatenga gitala yanu, anaiyandikizira foni, foni n'kuonetsa zofiira pa nsambo zitatu. Anati gitala ya madala ndi yosachuna, n'kuyamba kupotokola.

AMALUME: Ndinamumenya padzanja. Ndinati mwanawe, foni yakoyo inabadwa liti? Ine nsambo yaikulu ndimaitsitsa, yotsatira ndimaitsitsa, yaing'ono kwambiri ndimaitsitsanso. Tamvera ndikaliza zonse osagwira paliponse.

(ALIZE NSAMBO ZONSE)

MUULUTSI: Imeneyo ndi G yathunthu, Sol, popanda chala ndi chimodzi chomwe pakhosi. Nsambo zawo zili pa D, G, D, G, B, D. Kachunidwe kameneka n'kodziwika dziko lonse, ndipo oimba blues ku America amakatcha Spanish. Ubwino wake ndi uwu: ukagoneka chala chimodzi kapena botolo pampata wachisanu wapeza C, pampata wachisanu ndi chiwiri wapeza D. Makiyi atatu amenewo, G, C ndi D, amene wa kwaya angawatche do, fa ndi so, ndi amene anyamula nyimbo zathu zambiri, za kutchalitchi ndi za kumowa zomwe.

AMALUME: Botolo lija timati hauyani. Umaigoneka gitala pamiyendo, botolo laling'ono m'dzanja lamanzere, n'kumatsetsereka nalo. Imalira ngati munthu.

(HAUYANI, MASEKONDI 25)

MUULUTSI: Dzinalo linachokera ku zilumba za Hawaii kumene kaimbidweka kanayambira, ndipo ku Malawi anatchuka nako malemu Ndiche Mwarare. Munaphunzira kuti zimenezi, amalume?

AMALUME: Kuthawa nkhondo. Zitavuta kuno m'ma 1980 tinaoloka kupita ku Mulanje, chimanjamanja. Gitala ukanaitenga kuti? Tinkapanga banjo. Chitini cha mafuta, mtengo wosema, nsambo za waya wa buleki. Ena ankakuta ndi chikopa cha mbuzi. Wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo mudzi wonse unkamvera pa kawailesi ka munthu mmodzi. Ikalira nyimbo ya Allan Namoko tonse chete, makutu tcheru, chifukwa ikatha yatha, palibe kubwezera. Usiku umakagona nayo m'mutu, m'mawa n'kumaisaka pa nsambo. Gitala yeniyeni ndinaigwira kwa mkulu wina wogwira ntchito m'minda ya tiyi. Sankaphunzitsa ndi pakamwa. Umakhala pambali pake, maso pa zala. Ukafunsa kwambiri amakutuma madzi. Mtendere utabwera mu 1992 tinayamba kubwerera, ine ndinabwera ndi zala zokha.

MUULUTSI: Namoko amene akumutchulayu anali wa ku Thyolo, wosaona, ndipo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band ankaimba ndi banjo ndi ng'oma zopanga okha. Anamwalira mu 1995, koma nyimbo zake zikadali m'mamemore khadi a pamsika uno.

Ndimafuna mnyamata wa foni uja akanadziwa za Daniel Kachamba wa ku Chileka. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana naye pamodzi ndi mng'ono wake Donald akuimba kwela ku Blantyre, ndipo kuyambira pamenepo anawajambula kwa zaka zambiri. Daniel anali ndi machunidwe angapo, aliwonse ndi dzina lake, ndipo ankaliza ndi zala ziwiri, chachikulu ndi chamkombaphala: chachikulu chikuyenda pa nsambo zazikulu ngati besi, chamkombaphala chikuimba pamwamba, mwakuti wosaona amayesa ndi anthu awiri. Ndi kaimbidwe ka chigawo chino chonse, kamene Jean-Bosco Mwenda wa ku Katanga anatchuka nako Hugh Tracey atamujambula mu 1952. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001. Makanema amene Kubik anajambula lero akuonedwa ndi oimba gitala a kunja, akuimitsa ndi kubwezera kuti aone mmene chala chikuyendera. Tangoganizani: ife tikutha mamega kuphunzira zawo, iwo akutha awo kuphunzira za ku Chileka.

Ndipo si za kale zokha. Madalitso Band, anyamata awiri amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe, Yobu Maligwa ndi babatoni wake wa nsambo imodzi ndi Yosefe Kalekeni ndi gitala ya nsambo zinayi, anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuzungulira ku Ulaya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anadziwika chifukwa cha kavidiyo kamene anthu anagawana pa intaneti, akuliza babatoni ndi botolo ndi kamtengo. Agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, anali atapitirira zaka 90 pamene nyimbo imene anaimba ndi Patience Namadingo mu 2020 inafalikira pa TikTok mpaka kumayiko amene sadziwa n'komwe kuti Chiradzulu ili kuti. Kwathu kuno, marrabenta ya Fany Pfumo ndi Dilon Djindji inakulira pa magitala a zitini kum'mwera, ndipo ambiri amati dzinalo linachokera ku rebentar, kudula nsambo chifukwa choliza mwamphamvu. Ku Lichinga, Feliciano dos Santos ndi gulu la Massukos anatenga kaimbidwe ka ku Niassa n'kumaphunzitsa nako za ukhondo m'midzi, mpaka mu 2008 Feliciano analandira mphoto ya Goldman ku America. Pa onsewa palibe amene anatchuka chifukwa chofanana ndi wa m'vidiyo ya ku Brazil.

Musandimve molakwa. Mavidiyo aja anandithandiza, ndipo ndikuwaonerabe. Kachunidwe ka E, A, D, G, B, E kaphunzireni, mayina onse atatu aja adziweni, chifukwa ndicho chiyankhulo cha pamsika: popanda icho simungaimbe ndi wa kiyibodi kutchalitchi, simungamve zimene mnzanu wa ku Beira akulemba. Chimene ndikukana ndi mtima woti chilichonse chimene foni yaonetsa chofiira n'cholakwa. Ndaona anyamata odziwa makiyi makumi awiri koma osatha kuperekeza mayi mmodzi akuimba pamaliro, chifukwa mayiyo wayambira pamene mawu ake amukwanira, osati pamene vidiyo inayambira.

AMALUME: Pamenepo ndiye pofunika pensulo.

MUULUTSI: Tafotokozani.

AMALUME: Woimba akakwera, iwe usasinthe zala. Tenga pensulo, igoneke pa nsambo zonse pampata umene ukufuna, uimange kumbuyo ndi mphira wa chubu cha njinga. Gitala yonse yakwera. Ukasuntha mpata umodzi, yakweranso pang'ono. Umusake woimbayo mpaka umupeze. Si iye woti akusake iwe.

MUULUTSI: M'sitolo kachipangizo kameneko amakatcha capo, ndipo kali ndi mtengo wake. Pensulo ya mwana wa sukulu imagwira ntchito yomweyo, bola muibweze m'mawa.

Nthawi ikuthamanga, koma ndisasiye za khalidwe, chifukwa ambiri amatuluka m'magulu osati chifukwa cha zala koma pakamwa. Masabata oyamba mverani kwambiri. Ndinaona mnzanga wina atangolowa kumene akutumiza mavidiyo ake asanu ndi awiri tsiku limodzi, osaganiza kuti aliyense wotsegula akudya mamega ake ogula ndi ndalama ya ndiwo. Mawu okha a masekondi 30 amakwana. Jambulani pamalo a phee, foni italikire ngati mkono umodzi kuchokera pa gitala, ndipo mvula ikamagwa pamalata dikirani ikate. Mukamafunsa, funsani chinthu chimodzi chooneka: nsambo iyi ikulira ngati njuchi ndikagwira apa, n'chiyani? Funso lotere limayankhidwa msanga kusiyana ndi lakuti "ndiphunzitseni gitala". Ndipo wina akakuuzani kuti mukuthamanga kusiya anzanu, musanyanyale. Ine anandiuza miyezi itatu yotsatizana. Woimba yekha sadziwa kuti amathamanga, chifukwa nkhuku sizidandaula.

Pa ndalama chenjerani. M'gulu lathu munalowa munthu wina amene palibe ankamudziwa nkhope, anaika chithunzi cha gitala yokongola pamtengo wotsika, akuti ili ku Nampula, tumizani theka pafoni. Mnzathu anatumiza. Mpaka lero gitala ikadali m'njira. Gitala igwireni ndi manja musanalipire. Yang'anani khosi lake ngati mukuyang'ana mzere wa chimanga, lisakhale lopindika. Onani kutalika kwa nsambo kuchokera pa tizitsulo tija: zikatalikira kwambiri zala zidzalira mpaka mudzaisiya. Ndipo gitala yopangidwira nsambo za nayiloni musaimange zachitsulo, chifukwa zimakoka mwamphamvu mpaka kuzula kathabwa kogwira nsambo.

Amene mwayamba kupeka nyimbo zanu, musanaitumize kwa anthu ambiri sungani kaye mawu ake olembedwa ndi tsiku limene mwaijambula. Kuno kuli bungwe la SOMAS loteteza ntchito za olemba ndi opeka, ku Malawi kuli COSOMA. Nyimbo ikangotuluka pafoni yanu simungaiitanenso.

AMALUME: Uwauzenso za chinyezi.

MUULUTSI: Nenani ndinu.

AMALUME: Dziko lathu lino ndi la mvula ndi nkhungu ya m'phiri. Nsambo zimachita dzimbiri msanga. Ukatha kuimba pukuta ndi kansalu kouma, nsambo iliyonse payokha, pansi pake pomwe. Usaitsamize kukhoma lonyowa, usaisiye padzuwa, ndipo pokwera njinga ikulunge m'chitenje. Yangayi ndakhala nayo kuyambira iwe usanayambe sukulu.

MUULUTSI: Ndipo mnyamata uja munamumenya padzanja?

AMALUME: Amabwera kwathu Lachitatu lililonse. Botolo walidziwa, koma chala chachikulu chikadali chaulesi. Iyenso wandiphunzitsa kutumiza mawu pafoni. Sabata yatha ndinatumizira uja wa ku Joni nyimbo ya kumudzi kwawo, anayankha akulira.

MUULUTSI: Omvera, nayi ntchito ya sabata ino. Chunani gitala yanu ndi khutu, chisanu, chisanu, chisanu, chinayi, chisanu, kenako muyerekeze ndi foni muone pamene mwaphonya. Mukatero, pitani kwa munthu wamkulu wa m'dera lanu amene ankaimba gitala, banjo kapena bangwe, mumupemphe akuchunireni mmene ankachunira iye. Musakonze kanthu. Lembani nsambo iliyonse pamene ili, mufunse dzina la kachunidweko ndi amene anamuphunzitsa, ndipo ngati walola mujambuleni. Mutibweretsere kuno ku wailesi kapena mupatsire wa kabaza wobwera pa Vila. Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzaziliza zonse, ndipo tidzayamba phunziro la chala chachikulu. Amalume, titsekereni ndi botolo lija.

(HAUYANI IKWERE, ILIRE MPAKA KUMAPETO)